Du Chisiza Junior: Mwana Wamasiye Amene Anasandutsa Zisudzo Kukhala Ntchito

Amayi anzanga, agogo a kuno kwa Nthache ndi Mwanza yense akulikumbukira dzina la Chisiza. Mu Okutobala 1967 a Yatuta Chisiza, omwe kale anali nduna, analowa m'boma lino ndi kagulu ka anthu onyamula mfuti pofuna kugwetsa boma la Dr Banda, ndipo anaphedwa ndi asilikali. Lero tikambe za mwana wa mng'ono wawo, amene nkhondo yake anamenyera pabwalo la zisudzo.

Dunduzu Chisiza Junior, wodziwika kuti Du, anabadwa pa 26 Malichi 1963. Bambo ake, a Dunduzu Chisiza, mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress, anali atamwalira pangozi ya galimoto ku Thondwe mu Seputembala 1962. Tangoganizani, mayi kulira maliro a amuna awo ali woyembekezera! Mwanayo sanawaonepo bambo ake, ndipo ali ndi zaka 4 zokha, bambo ake aakulu nawo anapita.

Luso lake linaonekera ali pa sekondale ya HHI ku Blantyre. Sewero lake la The Deceased's Attack linapambana pa mpikisano wa zisudzo za m'sukulu wa bungwe la ATEM. Kenaka anakaphunzira za zisudzo ku Philadelphia, m'dziko la America, ndipo atabwerako mu 1987 anayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Nthawi imeneyo zisudzo zinali za ana asukulu, ophunzira a ku Chancellor College, kapena anthu ongosangalala akaweruka kuntchito. Kholo lake liti likanalola mwana kunena kuti azidyera sewero? Du ananenetsa kuti imeneyi ndi ntchito ngati ina iliyonse. Ankalemba yekha masewero, kusankha achinyamata, kuwaphunzitsa kuyankhula, kuyenda ndi kusunga nthawi, kenaka n'kuzungulira nawo m'matauni ndi m'sukulu, anthu akulipira pakhomo. Wakhumbata linakhala gulu loyamba la mtundu umenewu m'Malawi muno, ndipo holo ya French Cultural Centre ku Blantyre inkadzaza.

Sizinali zophweka, pakuti sewero lililonse linkayenera kudutsa ku bungwe la boma lounika mabuku ndi masewero. Du anaphunzira kuzimbaitsa. Papa's Empire ndi Educating Mwalimu ankaseketsa, koma wamakutu ankamva. Palinso Tatuya Futi; sinthani malo a zilembo za mawu oyambawo, muona dzina la ndani. Onse pamodzi analemba masewero opitirira 20.

Pa ndale pokha anakhumudwitsa ambiri. M'miyezi yomaliza ya ulamuliro wa Dr Banda anavomera kukhala nduna ya achinyamata, masewera ndi chikhalidwe, m'boma lomwelo limene ankalidzudzula. Chipanicho chitagonja mu 1994 anabwerera ku zisudzo, ndipo pambuyo pake analowa UDF. Kunena zoona, unduna sunamukhale monga linamukhalira bwalo.

Anamwalira pa 24 Febuluwale 1999 ali ndi zaka 35. Amene anatenga utsogoleri wa Wakhumbata anali mayi, Gertrude Kamkwatira, katswiri amene anasewera naye zaka zambiri. Mayiyu anadzayambitsa gulu lakelake la Wanna-Do, analemba It's My Fault, sewero lokamba za nkhanza za m'banja, ndipo anatsogolerapo bungwe la azisudzo m'dziko muno. Iyenso anatisiya mu 2006.