James Parkinson, dokotala yemwe sanaseke onjenjemera

Dzina lake ambiri timalimvera pa matenda, koma mwini wakeyo sitimudziwa. James Parkinson anabadwa pa 11 Epulo 1755 ku Hoxton, mumzinda wa London, ndipo anatengera bambo ake ntchito yochiza anthu.

Mu 1817 analemba kabuku kofotokoza amuna asanu ndi mmodzi. Atatu mwa iwo anangowaona mumsewu, koma anawayang'anitsitsa. Dzanja linkanjenjemera munthu atangokhala, msana unkawerama, ndipo poyenda ankachita ngati akuthamangira kutsogolo. Parkinson anamwalira mu 1824. Patapita zaka zambiri, dokotala wa ku France, Jean-Martin Charcot, ndiye anatcha matendawa dzina lake.

Ambiri mwa amunawo anali opitirira zaka 50, ndipo anthu amati ndi nthenda ya agogo. Si choncho ayi. Katswiri wa nkhonya Muhammad Ali anamupeza nayo ali ndi zaka 42, ndipo katswiri wa mafilimu Michael J. Fox ali ndi zaka 29 zokha. Chimachitika n'chakuti maselo a muubongo opanga dopamine amafa pang'onopang'ono. Sipatsirana. Mankhwala ochiziratu kulibe, koma levodopa amathandiza kwambiri.

Ndiye anzanga, mukaona mnyamata akunjenjemera pamsika wa Jenda kapena pa depoti ya Mzimba, osathamangira kunena kuti ndi kachasu kapena am'lodza. Osamujambulanso n'kuika pa WhatsApp. Muperekezeni kuchipatala cha boma cha Mzimba kapena kuchipatala cha Embangweni akamuone.