Nkrumah analakwitsa, koma mfuti sinakonze Ghana

Masiku ano ndikatsegula Facebook kapena TikTok ndikumangoona zithunzi za asilikali a ku Burkina Faso, Mali ndi Niger, anzanga n'kumalemba kuti mtsogoleri akalephera, asilikali angolanda boma basi. Ndimawamvetsa, inenso kukwera mitengo kwa zinthu kukundipweteka. Koma tisanaombe m'manja, ndikukambireni kaye za Kwame Nkrumah.

Nkrumah anabadwa mu 1909 m'mudzi wa Nkroful ku Gold Coast, komwe lero timati Ghana. Anaphunzira ku America, ndipo mu 1945 anali nawo pa msonkhano wa omenyera ufulu wa Africa ku Manchester, komwe kunalinso Kamuzu Banda. Atabwerera kwawo mu 1947 anawaimitsa mitu atsamunda mpaka anamutsekera mu 1950. Chaka chotsatira anthu anamuvotera ali m'ndende momwemo, Angerezi n'kusowa chochita, kumutulutsa. Pa 6 March 1957 Ghana inalandira ufulu iye ali patsogolo.

Ntchito ndiye anagwira: masukulu, doko la Tema, damu la magetsi la Akosombo. Koma mpando unamukomera. Mu 1958 boma lake linakhazikitsa lamulo lotsekera munthu popanda kumuzenga mlandu. J. B. Danquah, yemwe anapikisana naye pa chisankho cha 1960, anafera m'ndende ya Nsawam mu 1965. Mu 1964 Ghana inakhala ya chipani chimodzi. Mtengo wa koko utagwa, chuma chinasokonekera, katundu n'kuyamba kusowa m'masitolo.

Pa 24 February 1966, iye ali pa ulendo wa ku China ndi Vietnam, asilikali ndi apolisi analanda boma. Anthu anavina m'misewu ya Accra, chiboliboli chake n'kugwetsedwa. Kunena zoona, ngati panali kulanda boma komwe kunkaoneka kuti kuli ndi chifukwa chomveka, n'kumeneku. Munthu anali atatseka njira yomuchotsera ndi voti, ndiye anthu akanatani?

Koma taonani zomwe zinatsatira. Emmanuel Kotoka, mmodzi wa otsogolera chiwembucho, anaphedwa mu 1967 ndi asilikali anzake omwe ankafunanso kulanda boma. Kofi Busia, yemwe anthu anamusankha mu 1969, asilikali anamuchotsa mu 1972. Mu 1979 Jerry Rawlings analanda boma, ndipo atsogoleri atatu akale a dzikolo anawomberedwa, kuphatikizapo Akwasi Afrifa, mnzake wa Kotoka uja. Hilla Limann anasankhidwa chaka chomwecho, Rawlings n'kumuchotsa mu 1981. Zisankho zinadzabwerera mu 1992. Msilikali aliyense ankabwera ndi nyimbo imodzimodzi, yoti akuthetsa katangale, wotsatira n'kudzamunena iyenso za katangale yemweyo.

Nkrumah sanapondenso kwawo ali moyo. Anakakhala ku Guinea, n'kumwalira ndi khansa ku Bucharest pa 27 April 1972. Lero manda ake ali pa malo aulemu ku Accra, mzinda womwe anthu anavina atagwa.

Chomwe ndimaphunzirapo ine n'chakuti vuto la Nkrumah linali loti palibe akanamuletsa, ndipo msilikali wolowa ndi mfuti amabwera ndi vuto lomwelo. Munthu amene simunamuike ndinu, mudzamuchotsa bwanji akayamba kulakwa?

Kwathu kuno chipani chimodzi tinachiona, koma tinachithetsa ndi referendamu ya 1993. Asilikali atalanda zida za apayoniya kumapeto kwa chaka chomwecho, anabwerera kumabalaki, ndipo Kamuzu anachoka ndi voti mu 1994. Mu 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti, tinavotanso. Njira imeneyi imachedwa, imatopetsa, ndipo nthawi zina timasankha molakwika. Komabe pakatha zaka zisanu timakhala ndi mwayi wokonza.

Ndiye anzanga, musanagawe chithunzi china cha msilikali wa chipewa chofiira, dzifunseni kuti tsiku lomwe adzakukhumudwitseni mudzakadandaula kwa ndani.