Allan Namoko: Mwini banjo wa kwathu kuno ku Thyolo

M'gawo lathu lokumbukira anthu otchuka amene anatisiya, ulendo uno sitipita patali. Tikamba za malemu Allan Namoko, mwana wa konkuno.

Tiyambe ndi zimene tonse timazidziwa. Makolo athu amakonda country moti Jim Reeves, Don Williams kapena Dolly Parton akamveka pa wayilesi, ife achinyamata sitiloledwa n'kukhudza komwe batani. Koma ambiri sadziwa kuti banjo, chimodzi mwa zida zimene zinabala country, gwero lake ndi Africa. Akapolo ochokera ku Africa kuno ndi amene anayamba kuipanga ku Caribbean ndi ku America, pogwiritsa ntchito chipanda, chikopa ndi ndodo. Patapita zaka zambiri banjo ija inabwerera kwawo kudzera m'masitolo a ku Joni ndi ku Salisbury, ndipo amuna obwera ku migodi anafika nayo m'midzi mwathu. Amene analibe ndalama ankangokhoma yawo ndi chigubu, thabwa ndi mawaya a mabuleki a njinga.

A Namoko anabadwa m'chaka cha 1956 m'boma lino, dera limene Alomwe ambiri ochokera ku Mozambique anadzakhazikika n'kumagwira ntchito m'maesiteti a azungu. Nthawi imeneyo, ngati leronso, mabanja ambiri ankadalira tiyi. Koma a Namoko anali osaona. Inu amene munatcholapo tiyi mukudziwa kuti ntchito ija imalira maso: masamba awiri ndi kansonga kake, dengu kumsana, kenako kusikelo. Njira imene anzawo ankadyera inali yotsekeka kwa iwo. M'malo mokhala pakhonde kudikira chifundo, anagwira banjo.

Gulu lawo linkatchedwa Chimvu River Jazz Band, kutengera mtsinje wa Chimvu. Musasokonezeke ndi mawu oti jazz, sikuti munali malipenga ngati a ku New Orleans ayi. Kuno jazz band inali anyamata ochepa, banjo, gitala ndi ng'oma zopanga okha. Magulu oterewa analibe holo kapena magetsi. Siteji yawo inali pamsika, pamalo omwera, paukwati, makamaka masiku amene anthu alandira.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, dzina la a Namoko linamveka dziko lonse kudzera pa MBC, imene inali wayilesi yokhayo m'Malawi muno. Nyimbo ngati Lameck, Achilekwa ndi Ana Osiidwa zinafika ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Mawu awo anali okhakhala, olira, osakometsera. Ankaimba za imfa, umasiye, umphawi ndi kusakhulupirika kwa anthu. Mukaganiza bwino, izi ndi zomwezo zimene oimba country akale ankaimba: munthu wamba kudandaula za moyo wake ndi chida chimodzi m'manja. Azungu amene anamva nyimbo zawo ankaziyerekeza ndi blues yakale ya ku Mississippi.

Pali chinanso chofunika kuchidziwa. A Namoko ankaimba m'Chichewa ndi m'Chilomwe. Kuyambira 1968, Chichewa ndi Chingerezi ndi zimene boma la Kamuzu linkazivomereza ngati zilankhulo za dziko, ndipo Alomwe ambiri ankachita manyazi kuyankhula chakwawo pagulu. Ndiye tangoganizani munthu wotchola tiyi akumva Chilomwe chikutuluka mu wayilesi, m'nyimbo imene dziko lonse likuvina. Nkhani za m'Chilomwe zinadzayamba kuwerengedwa pa MBC mu 1996, mwini wake atapita kale.

M'chaka cha 1992, kampani ya Pamtondo ya Dr John Lwanda, Mmalawi wokhala ku Scotland, inatulutsa chimbale cha Ana Osiidwa ku Britain. Banjo ya ku Thyolo inawoloka nyanja, n'kuyamba kulembedwa m'mabuku a nyimbo za dziko lapansi. Chaka chomwecho ndi pamene bungwe la COSOMA, loteteza ntchito za aluso, linakhazikitsidwa. Kwa oimba a msinkhu wawo linabwera mochedwa: anali ataimba zaka pafupifupi 20 nyimbo zawo zikusangalatsa dziko, iwo osalemera nazo. A Namoko anamwalira mu 1995 asanakwanitse zaka 40. Wayilesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999, choncho ambiri amene ankawakonda ankangowadziwira mawu basi.

Tsono nachi chimene chandipangitsa kulemba. Ku America, oimba ndi okonda country amanyamuka ulendo wautali kukaona malo amene nyimbozi zinakulira. Amapita ku Bristol, kumene Jimmie Rodgers ndi Carter Family anajambulidwa mu 1927. Amapita ku Nashville kukaona Ryman Auditorium, holo imene Grand Ole Opry inkachitikira kuyambira 1943 mpaka 1974, ndipo woimba akapatsidwa mpata woimirira pa siteji imeneyo amaona ngati wafika. Magitala, zovala ndi zithunzi za akale awo anazisunga, ndipo alendo amalipira kuti aone.

Nanga ife? Alendo amabwera ku Satemwa kudzalawa tiyi ndi kujambula minda yobiriwira. Mmodzi atakuimitsani pa boma n'kukufunsani kuti mumuonetse kwawo kwa Namoko, kumene ankaimba, mtsinje wa Chimvu, mungamutengere kuti? Ine ndavomereza, ndikanangoti kakasi. Tonsefe tili ndi nyimbo mazana m'mafoni, koma ya a Namoko mwina palibe ndi imodzi yomwe.

Pempho langa ndi laling'ono. Sabata ino funsani agogo, amalume kapena aneba amene anagwirapo pa esiteti ngati anaonapo a Namoko akuimba: kunali kuti, anthu ankavina bwanji, ankawafupa chiyani. Ajambuleni pa foni akavomera, ndipo mubwere nazo tikadzakumana. Anthu amene anawaona ndi maso akutha, ndipo akapita apita nazo. Amene muli ndi nyimbo zawo, musatimane, tidzamvere limodzi.