Moyo wa Bambo Jairos Jiri a ku Bulawayo, 1921–1982

Mlendo wofika ku Bulawayo akatsika pa Egodini, malo okwerera basi a m'mphepete mwa tauni, amakhala atayandikira Makokoba, komboni yakale kuposa zonse mu mzindawo. M'komboni imeneyi munkakhala anthu a mitundu yambiri, pamodzi ndi ochokera ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia amene anadza kudzagwira ntchito ku njanji ndi m'mafakitale. M'menemo ndimo munayambira ntchito ya Bambo Jairos Jiri. Iwo sanali mbusa kapena mphunzitsi, koma moyo wawo uli ndi phunziro kwa onse oŵeta nkhosa za Mulungu.

Bambo Jiri anabadwa pa 26 Juni 1921 m'boma la Bikita, m'dziko limene pa nthaŵiyo linkatchedwa Southern Rhodesia. Anakula monga ana ena a kumudzi, akuŵeta ng'ombe, ndipo sukulu sanapite nayo patali. Atasinkhuka anakagwira ntchito ku Fort Victoria, kumene lero ndi ku Masvingo, ndipo m'chaka cha 1939 anafika ku Bulawayo. Kumeneko sanasankhe ntchito. Analima m'maluwa pa nyumba za Azungu, ndipo pa nthaŵi ya Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse anatsuka mbale za asilikali. Nkhondo itatha anakhala woperekera katundu pa njinga, ntchito imene inaŵadziŵitsa misewu yonse ya mzindawo.

M'misewumo anakumana ndi chinthu chimene anthu ambiri ankachipenya ndi kungopitirira. Akhungu ndi olumala ankakhala m'makhonde a masitolo kupempha. Kumudzi munthu wotere ankasungidwa ndi abale ake, koma m'tauni, kumene aliyense anadzera ndalama, analibe womusunga. Wovulala ku mgodi kapena ku njanji, kwawo kuli kutali, ankangotsala pamsewu. Bambo Jiri anayamba ndi zimene anali nazo. Ananyamula wolumala pa njinga yawo kunka naye kuchipatala, ndipo ena osoŵa pogona anaŵatengera kunyumba kwawo ndi kuŵadyetsa ndi malipiro awo ochepawo. Iwo anali munthu wa banja, ndipo aliyense wodziŵa kuchepa kwa nyumba za m'komboni angazindikire kuti chifundo chimenechi chinali mtolo wa banja lonse, pakuti nsima yomweyo inayenera kukwanira pakamwa pambiri.

Posakhalitsa anaona kuti mbale ya nsima imathetsa njala ya tsiku limodzi lokha, ndi kuti munthu wodyetsedwa masiku onse amataya ulemu wake pang'onopang'ono. Chimene anthu aja ankasoŵa kwambiri chinali luso la manja. Motero m'chaka cha 1950 anayambitsa bungwe limene pambuyo pake linadziŵika ndi dzina lakuti Jairos Jiri Association, ndipo mothandizidwa ndi khonsolo ya mzinda anatsegula malo ophunzitsira umisiri ku Makokoba. Ntchito yoyamba inali ya zikopa ndi kusoka nsapato. Kusankha kumeneku kunali kwanzeru. Wosoka nsapato amagwira ntchito ali chikhalire, zipangizo zake nzochepa, ndipo m'tauni ya anthu oyenda pansi nsapato zong'ambika sizisoŵa. Munthu amene dzulo anatambasula dzanja kupempha anayamba kulitambasula polandira malipiro a thukuta lake.

Ntchitoyo inakula. M'chaka cha 1959 malo aakulu ophunzitsira anatsegulidwa ku Nguboyenja, kufupi ndi Makokoba, ndipo m'chaka chomwecho Bambo Jiri analandira ulemu wa MBE wochokera ku ufumu wa Britain. Bungwelo linatsegulanso sitolo mu Bulawayo yogulitsiramo madengu, zosema ndi zinthu zachikopa zopangidwa ndi olumala, kuti umisiri wawo upeze msika. Pambuyo pake kunabwera sukulu ya ana akhungu ku Kadoma, ya ana osamva ku Gweru, ndi malo a ana olumala ku Southerton mu Harare. Munthu amene sanakhalitse m'kalasi anapatsidwa digiri yaulemu ndi yunivesite ya dzikolo m'chaka cha 1977.

Zipatso za ntchito yawo zinaoneka mwa anthu. Joshua Malinga, amene analumala miyendo ali mwana, anaphunzira pa malo a bungweli mu Bulawayo, ndipo m'zaka za m'ma 1990 anakhala meya wa mzinda womwewo. Paul Matavire, woimba wakhungu, anatchuka m'zaka za m'ma 1980 akutsogolera gulu loimba lotchedwa Jairos Jiri Band. Nkoyeneranso kunena kuti m'zaka za m'ma 1970 ena mwa ophunzira aja, Malinga ali mmodzi wa iwo, anayamba kudandaula kuti olumala sayenera kungosungidwa ndi kulankhuliridwa ndi ena, ndipo anayambitsa bungwe lawolawo. Kusiyana maganizo kumeneku sikuchepetsa ulemu wa Bambo Jiri. Kholo limene lalera bwino limadzaona ana ake akuimirira ndi kuyankha okha, ngakhale kutsutsana nalo kumene.

Bambo Jiri anamwalira pa 12 Novembala 1982, patapita zaka ziŵiri dziko la Zimbabwe litalandira ufulu, ndipo anaikidwa kwawo ku Bikita. Anasiya ana awo obereka, komanso khamu la ana ena amene ankaŵatchula Baba, ndiko kunena atate. Mwa iwo unakwaniritsidwa mwambi wa makolo wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Buku la Machitidwe a Atumwi limasimba za wopunduka amene ankaikidwa tsiku ndi tsiku pa khomo la Kachisi kuti apemphe kwa oloŵa, kufikira Petro ndi Yohane anamuimiritsa. Makomo a matchalitchi a masiku ano, ku Bulawayo, ku Harare kapena ku Lilongwe, sasoŵa anthu otere. Pafupifupi mumpingo uliwonse muli mmisiri wa matabwa, telala, womanga nyumba kapena wosoka nsapato, ndipo m'dera la mpingo womwewo muli mwana wolumala amene makolo ake amamubisa m'nyumba. Kulumikiza aŵiriŵa sikulira chuma chambiri ayi. Kumalira mbusa ndi akulu a mpingo amene aŵerenga anthu otere m'dera lawo, naŵadziŵa maina, nakambirana za iwo pa bwalo la mpingo monga amakambirana za chopereka ndi za denga la tchalitchi. Bambo Jiri anayamba ntchito yawo ali ndi njinga, nyumba ya m'komboni ndi malipiro a wantchito wamba.