James Prescott Joule: Munthu Amene Adayeza Ntchito

Pakati pa anthu amene adathandiza dziko kudziwa malamulo a chilengedwe, alipo mmodzi amene sadalowepo m'sukulu yapamwamba. Dzina lake ndi James Prescott Joule. Adabadwa pa 24 December 1818 ku Salford, pafupi ndi mzinda wa Manchester ku England. Atate ake, Benjamin Joule, adali munthu wachuma, mwini nyumba yaikulu yofululiramo mowa. Mwanayo adakula wodwaladwala ndi wofooka msana, nchifukwa chake adaphunzirira pakhomo. Atafika zaka ngati 16, adatumizidwa pamodzi ndi mkulu wake kwa John Dalton, katswiri wokalamba wa ku Manchester, amene adawaphunzitsa masamu kufikira matenda atamgwira mu 1837. Atakula, Joule adathandiza kuyang'anira malonda a atate ake, ndipo nthawi yotsala adaithera m'kachipinda kake koyeseramo zinthu.

Kuti owerenga amvetse chimene munthuyu adachita, nkofunika kulongosola poyamba funso limene lidasautsa anthu ophunzira a masiku amenewo.

Pa chinenero cha akatswiri, mawu akuti ntchito ali ndi tanthauzo lopapatiza. Ntchito yagwiridwa pamene chinthu chakankhidwa kapena kukokedwa, nichisuntha. Mfalansa wina, Gaspard Coriolis, ndiye adakhazikitsa tanthauzo limeneli m'buku lake la mu 1829. Kawerengedwe kake nkosavuta: kulemera kwa katundu kuchulukitsa ndi kutalika kumene katunduyo wakwezedwa. Munthu wokweza thumba la mapaundi 10 mapazi 3 wagwira ntchito ya miyeso 30, yofanana ndi ya mnzake wokweza mapaundi 30 phazi limodzi. Koma woimirira chilili ndi katundu pamutu, ngakhale atope chotani, pa muyeso umenewu sadagwire ntchito pa katunduyo, popeza katunduyo sadasunthe.

Tsono ntchito yokweza chinthu siithera pomwepo. Mayi akakweza munsi, mphamvu ya manja ake imasungika mu munsiwo uli m'mwamba. Pamene ukutsika, mphamvu yosungikayo imasanduka mphamvu ya liwiro, ndiyo imene imaphwanya chimanga mumtondo. Katungwe amaonetsa zimenezi bwino koposa. Mwana akafika pamwamba amaima kamphindi, mphamvu yonse itasungika m'kukwerako. Akafika pansi amathamanga kwambiri, mphamvu yonse itasanduka liwiro, ndipo liwirolo limamkweza mbali inayo. Ina ikachepa inzake imakula, koma kuziphatikiza ziwirizo chiwerengero chake sichisintha. Galileo adaona kale kuti mwala wolendewera pa chingwe umakwera mbali ina kufika msinkhu womwe udachokera, ndipo Christiaan Huygens ndi Gottfried Leibniz adapitiriza chiphunzitso chimenechi.

Koma mwana aliyense adziwa kuti katungwe wopanda womkankha amafooka pang'onopang'ono, naima. Nanga mphamvu ija yapita kuti? Ambiri ankati kukhulana kwa zinthu kumaiwononga. Kutentha kumene kumabuka zinthu zikakhulana, monga popekesa moto, sankakuwerengera pamodzi ndi ntchito, chifukwa ankakhulupirira kuti kutentha ndi kanthu kena kosaoneka ndi kopanda kulemera, koyenda ngati madzi kuchoka m'chinthu china kulowa m'chinzake, kosatheka kukapanga kapena kukawononga.

Joule adafika pa funso limeneli kudzera m'njira ya malonda. Ali mnyamata adayembekeza kuti makina a magetsi adzalowa m'malo mwa makina a nthunzi, nayamba kulemba za iwo mu 1838. Koma atayeza bwino, adapeza mu 1841 kuti paundi imodzi ya malasha m'makina abwino a nthunzi imagwira ntchito yochuluka pafupifupi kasanu kuposa ya paundi imodzi ya zinki wodyeka m'batire. Chiyembekezo chake chidagwa, koma adatsala ndi chizolowezi cha kufunsa za chinthu chilichonse kuti chimapereka ntchito yochuluka bwanji. Adaonanso kuti waya wodutsamo magetsi amatentha, napeza lamulo la katenthedwe kake. Pamenepo adayamba kuganiza kuti ntchito ndi kutentha ndi chuma chimodzi, ndi kuti pali mtengo wokhazikika wosinthira china ndi chinzake.

Mu August 1843 adapita ku Cork ku Ireland, ku msonkhano wa bungwe la akatswiri lotchedwa British Association, nanena kuti adaupeza mtengowo. Anthu adamva, nakhala chete. Kwa iwo uyu adali wofulula mowa wa zaka 24, wopanda udindo uliwonse, wotsutsa zimene zidalembedwa m'mabuku a akuluakulu, ndiponso umboni wake udatsamira pa kusiyana kwa kutentha kochepa kwambiri kotero kuti ambiri sadakhulupirire kuti munthu angakuyeze.

Joule sadakwiye kapena kuleka. Adabwerera kwawo nakonza njira yoti aliyense aione ndi maso. Adatenga chitini chamkuwa chodzaza madzi, naikamo mtengo wozungulira wokhala ndi tinkhafi. Pa mtengowo adakulunga zingwe, ndipo ku zingwezo adamangirira miyala yolemera. Miyalayo potsika inkazunguza tinkhafi, tinkhafito tinkavundula madzi. Ntchito ya miyalayo inkadziwika, popeza kulemera kwake ndi kutalika kwa katsikidwe kake zidayezedwa. Chotsala chidali kuona ngati madzi afunda, ndipo adafundadi. Adawerengeranso kuti madzi a mathithi a Niagara, ogwa mapazi ngati 160, ayenera kukhala ofunda pansi kuposa pamwamba ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a digiri.

Mu April 1847 adalongosola chiphunzitso chake chonse m'chipinda chowerengeramo mabuku cha tchalitchi cha St Ann ku Manchester. Adaphunzitsa kuti mphamvu imene Mlengi adaika m'chilengedwe munthu sangailenge kapena kuiwononga, angathe kungoisandutsa. Mawuwo adasindikizidwa m'nyuzipepala wamba, Manchester Courier. Mu June chaka chomwecho, ku msonkhano wa ku Oxford, wapampando adampempha kuti afupikitse mawu ake. Nkhaniyo ikadafera pomwepo, koma mnyamata wina wa zaka ngati 23, William Thomson, mphunzitsi wa ku Glasgow amene pambuyo pake adatchedwa Lord Kelvin, adachita nayo chidwi nayamba kufunsa mafunso. Thomson sadavomere msanga. Padapita zaka zinayi asanakhutire. Koma katungwe nkukankhana: Thomson adali ndi masamu ndi mbiri, Joule adali ndi manja osaphonya, ndipo kuyambira 1852 adagwira ntchito limodzi, napeza m'mene mpweya umazizirira ukatuluka pa kabowo kothina, nzeru imene imathandiza m'makina oziziritsa zinthu.

Muyeso wake wotchuka udasindikizidwa ndi Royal Society ya ku London mu 1850. Adauchita m'chipinda cha pansi pa nyumba, kumene mpweya susinthasintha, ndi zoyezera kutentha zotha kuonetsa gawo limodzi mwa magawo 200 a digiri. Ankakweza miyala ija ndi kuitsitsa maulendo 20 kuti madzi afunde ndi theka la digiri lokha, nabwereza zonsezo kambirimbiri. Adapeza kuti kufunditsa paundi imodzi ya madzi ndi digiri imodzi ya Fahrenheit kumafuna ntchito yofanana ndi kukweza mapaundi 772 phazi limodzi. Akatswiri a lero amati 778. Adaphonya ndi zosakwana gawo limodzi mwa 100. Funso la katungwe lidayankhidwa: mphamvu ya mwana uja imalowa mu mpweya, m'chingwe ndi m'nthambi, nizifunda pang'ono, ndipo palibe kagawo kamene kamasowa.

Joule sadali yekha pa njira imeneyi. Dokotala wa ku Germany, Julius Robert Mayer, adalemba maganizo ofanana mu 1842, ndipo Hermann von Helmholtz adawalongosola ndi masamu mu 1847. Padabuka mkangano wa amene adayamba, umene udamsautsa Mayer kwambiri. Potsiriza Royal Society idapereka mphotho yake yaikulu, mendulo ya Copley, kwa Joule mu 1870 ndi kwa Mayer mu 1871.

Ulemu udafika, koma masautso sadamlambalale. Mkazi wake Amelia Grimes, amene adamkwatira mu 1847, adamwalira mu 1854, namsiyira ana awiri aang'ono. Ndipo Joule sadakwatirenso. Nyumba yofululira mowa idagulitsidwa, ndipo chuma chimene adalipirira nacho zipangizo zake zonse chidatha pang'onopang'ono, kotero kuti mu 1878 boma lidampatsa chithandizo cha £200 pa chaka. Chaka chomwecho, ali ndi zaka pafupifupi 60, adatulutsa muyeso wake wotsiriza wa funso lomwe lija, napeza 772.55.

Adamwalira pa 11 October 1889 ku Sale, pafupi ndi Manchester. Pa mwala wa manda ake padalembedwa chiwerengero chimenecho, 772.55, pamodzi ndi ndime ya Mthenga Wabwino wa Yohane 9:4, yonena za kugwira ntchito kusanade. Muyeso wa ntchito ndi mphamvu umene maiko onse amagwiritsa ntchito lero umatchedwa joule, ndiyo ntchito yokweza kanthu kolemera ngati magalamu 100 mita imodzi. Ana a sukulu amakumana nawo m'mabuku awo, ndipo zilembo za kJ zolembedwa pa mapaketi a chakudya zimatanthauza majoule 1,000.