Lise Meitner: Mayi amene anafotokoza kusweka kwa atomu, nakana bomba

Mawu akuti nyukiliya akatchulidwa, ambiri aife timaganiza za bomba ndi imfa. Ndi ochepa amene amaganiza za getsi loyaka m'chipatala usiku. Chonsecho ziwirizi zinachokera pa chinthu chimodzi, kusweka kwa atomu, ndipo amene anayamba kufotokoza momwe atomu imaswekera anali mayi wa ku Austria, Lise Meitner. Iyeyo ndi ntchito yake, onse anaweruzidwa ndi anthu amene sanawadziwe bwino.

Meitner anabadwa pa 7 Novembala 1878 mumzinda wa Vienna, wachitatu m'banja lachiyuda la ana asanu ndi atatu. Masiku amenewo sukulu ya mtsikana inkathera pa zaka 14, choncho iye anaphunzira zauphunzitsi wa Chifalansa. Mayunivesite a ku Austria atayamba kulandira akazi mu 1897, anaphunzira m'zaka ziwiri zokha zimene anyamata ankaphunzira zaka zisanu ndi zitatu, ndipo mu 1901 analowa yunivesite ya Vienna. Mu 1906 anakhala mkazi wachiwiri kulandira digiri ya udokotala wa fizikisi pa yunivesiteyo.

Mu 1907 anapita ku Berlin komwe anayamba kugwira ntchito ndi Otto Hahn, katswiri wa kemisitiri. Mkulu wa sukuluyo sankalola akazi m'malabotale, motero Meitner anapatsidwa chipinda chapansi chomwe kale munkapalidwa matabwa, ndipo kwa zaka zingapo sankalandira malipiro. Sanafooke. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anatumikira asilikali ovulala powajambula ndi X-ray. Mu 1918 iye ndi Hahn analengeza kuti apeza protactinium, ndipo mu 1926 anakhala mkazi woyamba ku Germany kukhala pulofesa wa fizikisi.

Zinthu zinasintha Adolf Hitler atatenga boma mu 1933. Meitner anali atabatizidwa kukhala Mkhristu mu 1908, koma malamulo a chipani cha Nazi ankayang'ana magazi a makolo, osati chikhulupiriro. Germany italanda Austria mu Malichi 1938, pasipoti yake inatha ntchito. Pa 13 Julaye chaka chomwecho anathawa pa sitima ya pamtunda kupita ku Netherlands, ali ndi ndalama zochepa ndi mphete imene Hahn anamupatsa kuti akagulitse zikavuta. Anali ndi zaka 59 pamene anakayamba moyo watsopano ku Sweden.

Mu Disembala 1938 Hahn anamulembera kalata yodandaula. Iye ndi mnzake Fritz Strassmann anawomba yureniyamu ndi tinthu totchedwa nyutuloni, napeza barium, yemwe atomu yake ndi yopepuka kwambiri kuposa ya yureniyamu. Sankamvetsa chimene chachitika. Meitner anakambirana za kalatayo ndi Otto Frisch, mwana wa mkulu wake, akuyenda m'chipale ku Kungälv. Anazindikira kuti phata la atomu ya yureniyamu lili ngati dontho la madzi lodzaza kwambiri: likagundidwa limatamuka n'kuduka pawiri. Atawerengera anapeza kuti zidutswa ziwirizo n'zopepuka pang'ono kuposa phata loyamba, ndipo kulemera kosowako kumasanduka mphamvu yochuluka, monga Albert Einstein anaonetsera kale. Zimene anapeza zinasindikizidwa m'magazini ya Nature mu Febuluwale 1939.

Posakhalitsa akatswiri ena anaona kuti atomu ikasweka imatulutsa manyutuloni ena amene amakaswanso maatomu oyandikana nawo. Zikachitika zonse nthawi imodzi, ndiye bomba. Zikachitika pang'onopang'ono moyang'aniridwa, kutenthako kumawiritsa madzi, nthunzi n'kuzunguza makina opanga magetsi.

Mu 1943 Meitner anaitanidwa kuti akathandize kupanga bomba ku America, koma anakanitsitsa. Komabe bomba litagwa pa Hiroshima pa 6 Ogasiti 1945, atolankhani anamutcha mayi wa bombalo, ena n'kupeka nkhani yakuti anathawa ku Germany atabisa chinsinsi chake m'chikwama. Linali bodza ndipo linamupweteka mtima. Chaka chomwecho mphotho ya Nobel ya ntchitoyi inaperekedwa kwa Hahn yekha. Anthu anamusenzetsa chinthu chimene anakana, n'kumumana ulemu wa chimene anachitadi.

Nkhondo itatha anathandiza pa kafukufuku wa riyakitala yoyamba ya Sweden, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 1954. Anamwalira ku Cambridge pa 27 Okutobala 1968. Mu 1997 akatswiri anatcha elementi ya nambala 109 dzina lakuti meitnerium pomukumbukira.

Mpaka lero dziko silinagwirizane pa zimene mayiyu anafotokoza. Oopa ali ndi zifukwa zomveka: ngozi ya ku Chernobyl mu 1986 ndi ya ku Fukushima mu 2011 zinasamutsa anthu ambirimbiri, zinyalala za nyukiliya zimakhala zoopsa kwa zaka masauzande, ndipo kumanga siteshoni kumafuna ndalama zankhaninkhani. Oikira kumbuyo nawonso ali ndi mfundo: siteshoni ya nyukiliya situlutsa utsi wotenthetsa dziko monga amachitira malasha ndi dizilo, ndipo imapereka magetsi usana ndi usiku, kaya mvula yagwa kaya ayi. France imapeza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a magetsi ake motere, ndipo South Africa ili ndi siteshoni ya Koeberg kuyambira 1984.

Nkhaniyi ikutikhudza ngakhale Malawi ilibe siteshoni yotere. Ku Kayelekera m'boma la Karonga kuli mgodi wa yureniyamu womwe unatsegulidwa mu 2009, n'kuima mu 2014, ndipo unayambiranso mu 2025. Madzi a m'dera limenelo amatsikira mumtsinje wa North Rukuru mpaka m'nyanja ya Malawi, nyanja yomweyi imene msodzi wa ku Lungwena amaponyamo khoka. Akafunsa ngati usipa wake uli wotetezeka, akufunsa funso loyenera, ndipo akufunika yankho lochokera pa kuyeza madzi, osati mphekesera kapena kumutontholetsa. N'chifukwa chake dziko lino lili ndi lamulo la mphamvu ya atomu la 2011 ndi bungwe loyang'anira la AERA. Mbali inayi, magetsi athu ambiri amadalira mtsinje umodzi wa Shire. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi akasowa makala ndi amene amapita patsogolo, mitengo ya m'nkhalango ngati ya Namizimu n'kumatha.

Mafunso amenewa adzayankhidwa ndi ana amene ali m'kalasi lero. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tili ndi udindo wowafotokozera chimene atomu ili, ubwino wake ndi kuopsa kwake, kuti podzasankha asadzatsogozedwe ndi mantha okha kapena malonjezo okha. Ndipo mtsikana amene amakhala phee kumbuyo pa phunziro la fizikisi tisamuiwale. Meitner anayambira m'chipinda chopalira matabwa.