Santiago Ramón y Cajal: dokotala amene anajambula njira za mu ubongo

Mukagwira mphika wotentha, uthenga wa ululu umayenda m'mitsempha mofulumira kwambiri mpaka kukafika ku ubongo. Munthu amene anafotokoza bwino mmene uthengawu umayendera ndi dokotala wa ku Spain, Santiago Ramón y Cajal.

Cajal anabadwa pa 1 May 1852 m'mudzi wa Petilla de Aragón. Ali mnyamata ankafuna kukhala wojambula zithunzi, koma bambo ake, omwe anali dokotala, sanagwirizane nazo. Anamutumiza kukaphunzira kumeta tsitsi ndi kusoka nsapato. Pambuyo pake anamaliza maphunziro a udokotala ku Zaragoza mu 1873, n'kukagwira ntchito ya udokotala wa asilikali ku Cuba, komwe anadwala malungo kwambiri.

Mu 1887 anaona njira imene Camillo Golgi wa ku Italy anatulukira, yodetsa maselo ochepa a mu ubongo ndi mankhwala a siliva kuti aoneke bwino pa maikulosikopu. Nthawi imeneyo akatswiri ambiri, kuphatikizapo Golgi, ankati ubongo ndi ukonde umodzi wolukanalukana. Cajal anapima ubongo wa tiana ta mbalame ndi ta nyama zina, n'kumajambula pamanja zimene ankaona. Anapeza kuti selo lililonse ndi loima palokha, ndipo limapatsira linzake uthenga molowera mbali imodzi. Mu 1906 awiriwa analandirira limodzi mphoto ya Nobel, ngakhale sankagwirizana. Cajal anamwalira ku Madrid pa 17 October 1934.

Masiku ano ntchito yake ikupitirira pogwiritsa ntchito kachilombo kamene mumakadziwa bwino, ka chiwewe. Kachilomboka kamayenda m'mitsempha, kudumpha kuchoka pa selo lina kupita pa lina. Mu 2007, akatswiri a ku Salk Institute ku America anakasintha kuti kazidumpha kamodzi kokha komanso kaziwalitsa maselo amene kalowamo. Akakabaya mu ubongo wa mbewa, amaona maselo amene amatumiza uthenga ku selo limene akulifufuza.

Ulendo wa m'mitsemphawu ndi umenenso umachititsa chiwewe kukhala choopsa kwa inu. Kachilomboka kakafika ku ubongo ndipo zizindikiro zikayamba, pafupifupi aliyense amamwalira. Galu akakulumani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo kuti mukalandire katemera kachilomboka kasanafike patali.